Chimfine cha mu Juni

Folo koloko, Mufakose akadali m'tulo,
ine ndadzuka kale, mphuno imodzi yatseka,
inayo ikudontha ngati mpope wa kubafa
umene mwini nyumba walonjeza kukonza chaka chonse.
Njinga yatsamira khoma pafupi ndi chitseko,
yozizira ngati mnzako amene munayambana dzulo.

"Isiyeni lero," akutero Felesiya ali m'bulangete,
mawu okha ndiwo atuluka, nkhope ayi.
"Juni wa ku Harare sanyengerera munthu.
Mwamuiwala Zefaniya?"

Sindinamuiwale.
Zefaniya ankati chimfine chimaopa thukuta.
Anakwera nacho chitunda cha ku Warren Park masiku anayi,
tsiku lachisanu chinatsikira m'chifuwa n'kusanduka chibayo.
Masabata atatu ku Gomo, mpweya wochita kupempha,
potuluka anapeza ntchito yake
atampatsa mphwake wa kapitawo.

Koma kombi ndi dola kupita, dola kubwera,
ndipo dola sagwa mumtengo ngati suku.
Madola awiri ndi buledi ndi mazira atatu,
ndi kope la Tiyanjane limene ladzaza mpaka pachikuto.

Ndiye ndadziyesa dokotala mumdima.
Ndakhosomola dala kuti ndimve kumene likuchokera,
kukhosi kodi, kapena pansi pa nthiti?
Ndagwira pachipumi: pakutentha pang'ono,
kapena ndi dzanja langa limene lazizira.
Dokotala wosauka amapeza zimene akufuna kupeza.

Ndavala majuzi awiri, nyuzi yakale pachifuwa,
masokosi m'manja, chipewa mpaka m'makutu.
Ndaikankha mpaka pageti.
Kumeneko mphepo inali kundidikira.
Ndayetsemula katatu, galu wa kwa aneba n'kundiyankha,
ndipo ndakumbuka dambo la Marimba,
pamene chisanu chimagona poyera pa udzu,
pamene mpweya umalowa ngati lezala
ndipo zala zimauma mpaka osamva buleki.

Zaka khumi ndi zitatu ndili nayo.
Imadziwa dzenje lililonse mpaka ku Belvedere,
imandifikitsa dzuwa lisanakhudze Kopje,
sinandifunsepo ndalama, koma mafuta pang'ono patcheni.
Tsiku la maliro a bambo ndinapalasa,
tsiku lobadwa Tiyanjane ndinapalasa, mvula ili pamsana.
Lero ndigonje ndi mamina?

Chifuwa chandiyankha chokha, osachiitana.
Chachokera pansi.

Ndaibweza m'nyumba mwakachetechete.
Felesiya sananene kanthu,
koma bulangete laseka, ndaliona.

Tsopano ndili m'kombi, anayi pampando wa atatu,
mawindo onse otseka, mpweya wa anthu khumi ndi asanu ndi atatu.
Ndalimbana nacho mpaka pa maloboti achiwiri,
kenako chaphulika.
Mayi wa khanda watembenuka n'kundiyang'ana
ngati ndamubera chikwama,
n'kuphimba mwana wake kumutu.
Panjinga chimfine chinali changa ndekha,
muno ndalipira dola kuti ndichigawe.

Ndapukuta galasi ndi chigongono.
Panja, m'mbali mwa msewu, mnyamata wa chipewa chofiira
akupalasa chiimirire, nthunzi ikutuluka m'kamwa,
akutidutsa ife tili pamzere wa magalimoto.
Miyendo yanga yayamba yokha kupondaponda pansi.
Sindikudziwa ngati ndikumuchitira nsanje
kapena ndikufuna kumuuza za Zefaniya.

Madzulo ndigula mandimu awiri pa Mbare,
ndiwiritse ndi masamba a gwafa,
ndifunde nthunzi mpaka maso alire.
Ndikatero ndikhala pansi pafupi ndi chitseko,
ndidonthezere mafuta patcheni, ndizungulitse gudumu,
imve kuti sitinasudzulane.

Za mawa, Felesiya wanena kale maganizo ake.
Chikwama nacho chanena ake.
Ine ndidzuka folo koloko,
ndikhosomole kamodzi mumdima,
ndimvetsere.